Kalata kwa mwana wanga: otsatsa malonda ndi za m'nyumba mwako

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse kumeneko, iwe, mpongozi wanga ndi adzukulu anga. Ndasankha kulemba kusiyana n'kuimba foni chifukwa nkhaniyi ili ndi masamu, ndipo masamu amafuna pepala loti munthu abwerere n'kuonanso.

Tsopano uli ndi nyumba yako, ndalama zako ndi ana ako, ndipo umaona ngati chilichonse chimene mumagula mumasankha nokha. Mbali ina n'zoona. Koma kunja kuno kuli anthu ophunzira bwino, olipidwanso bwino, amene ntchito yawo tsiku lonse ndi kuonetsetsa kuti pamene iwe ndi mnzako mukukhala pansi kukonza bajeti, mtima ukhale utasankha kale. Sakakamiza munthu, ndipo kawirikawiri sanama n'komwe. Amangofika msanga, nzeru zisanadzuke.

Uyambe wadziwa kumene ndalama zimachokera. Pa Facebook, Instagram, YouTube kapena TikTok sulipira polowa, kupatula bandulo. Kampani ya Meta, imene ndi mwini wake wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, imapeza ndalama zoposa 95 pa 100 zilizonse kuchokera kwa otsatsa malonda, ndipo gawo lalikulu la ndalama za Google limachokera komweko. Kasitomala wawo weniweni ndi wotsatsayo. Katundu amene akugulitsidwa ndi maso ako ndi nthawi yako. Ukatsegula tsamba, sekondi imodzi isanakwane makompyuta amakhala atapikisanitsa otsatsa, ndipo wolipira bwino ndiye uthenga wake umakuonekera. Amayang'ana zaka zako, dera limene uli, zimene unafufuza dzulo, ndi kanema amene unamuonera mpaka kumapeto. N'chifukwa chake ukafufuza nsapato kamodzi, nsapato zimakulondola sabata yonse.

Izi sizinabwere ndi foni. M'zaka za m'ma 1930 ku America, makampani a sopo monga Procter & Gamble ankalipirira masewero a pawailesi otsatizana tsiku ndi tsiku, kuti amayi otsala pakhomo azimva dzina la sopo wawo. Sewero linali nyambo. Mu 1947 kampani yogulitsa dayamondi ya De Beers inayamba kulengeza kuti dayamondi ndi chizindikiro cha chikondi chosatha, ndipo patapita zaka anthu a m'mayiko ambiri anayamba kuona mphete ya dayamondi pa chinkhoswe ngati mwambo wa makolo. Apa ndi pamene ndimaona mphamvu yeniyeni ya otsatsa. Kukugulitsa chinthu kamodzi n'kochepa. Chachikulu n'choti amasintha chimene banja limachiona ngati chosasoweka pa nyumba ya munthu wabwinobwino.

Njira zawo n'zodziwika. Yoyamba ndi kubwereza. Mu 1968 katswiri wa maganizo a anthu Robert Zajonc anaonetsa kuti munthu amayamba kukonda chinthu chifukwa chongochiona kambirimbiri, ngakhale sanamvepo ubwino wake. Ndiye ukaima pa shelefu dzanja n'kupita lokha pa dzina limene ukulidziwa, udzifunse ngati ukudziwa katunduyo kapena ukudziwa dzina lokha. Yachiwiri ndi nambala yoyamba imene waona. Akatswiri enanso a maganizo a anthu, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman, analemba mu 1974 kuti nambala yoyamba imamatirira m'mutu n'kukhala muyeso wa zotsatira. Mtengo wakale wodulidwa ndi mzere wofiira uja ntchito yake ndi imeneyi. Taona: chinthu chinali 100, achikweza kufika 150, kenako alengeza kuti atsitsa ndi 30 peresenti. Ukulipira 105 uku ukuthokoza. Yachitatu ndi kukufulumizitsa: zatsala zitatu zokha, mwayi ukutha lero pakati pa usiku. Amadziwa kuti chilakolako chogula sichikhalitsa, choncho amafuna ulipire chisanazirale.

Mankhwala ake ndi awiri, nthawi ndi masamu. Chinthu chimene sichinali pa ndandanda yanu chigone usiku umodzi musanagule. Ngati n'chachikulu, chofuna gawo looneka la malipiro a mwezi, chilembeni papepala ndi deti lake ndipo mudikire masiku 30. Zambiri mudzapeza kuti mwaziiwala, ndipo chimene chatsalabe m'maganizo ndicho choyenera kukambirana. Mugwirizanenso ndi mpongozi wanga ndalama imene aliyense sangapitirire kugula osauza mnzake. Mikangano yambiri ya ndalama m'banja simayamba ndi kusowa, imayamba ndi katundu amene wangofika pakhomo wina asakudziwa.

Pa masamu ndikhalitsapo pang'ono. M'sitolo usamayerekeze paketi ndi paketi. Tenga mtengo ugawe ndi kulemera kwake, upeze mtengo wa magalamu 100, kenako uchite chimodzimodzi ndi paketi inayo. Yaikulu sikhala yotsika mtengo nthawi zonse. Uziyang'ananso kulemera kolembedwa pansi paja: paketi ikachoka pa magalamu 500 kufika 450 mtengo osasintha, akweza ndi 11 peresenti popanda kukuuza. Pa katundu wolipira pang'onopang'ono amalemba kandalama ka pa sabata ndi zilembo zikuluzikulu. Iwe chulukitsa kandalamako ndi masabata onse, uwonjezere ya poyamba ija, ndipo uyerekeze ndi mtengo wogulira pompopompo. Kusiyana kwake ndiko mtengo wa ngongoleyo. Ufunsenso chimene chimachitika ukaphonya kulipira kamodzi, chifukwa chilango chimabisala m'tizilembo tating'ono. Ngongole za pafoni nazo amatchula chiwongoladzanja cha pa mwezi kuti chioneke chochepa. Koma 10 peresenti pa mwezi ndi 120 pa chaka, ndipo ngati chiwongoladzanja chikuberekanso chinzake, ngongole ya 100 imafika 314 pakatha miyezi 12.

Za kubetcha pa mpira ndikuuza mosabisa, chifukwa mauthenga ake adzaza paliponse ndipo amaonetsa wopambana yekha. Pa masewera amene mbali zonse ziwiri zili ndi mwayi wofanana, malipiro achilungamo akanakhala 2.00, kutanthauza kuti ukabetcha 100 n'kupambana ukanalandira 200. Kampani imapereka mwina 1.90. Ndiye kuti pa 100 iliyonse yobetchedwa, pa avereji imabwerera 95. Ukaphatikiza masewera khumi pa tikiti imodzi, kudula kumeneku kumachulukana kakhumi, ndipo pa 100 imabwerera pafupifupi 60. Matikiti ataliatali amene amawatamanda kwambiriwo ndi amene amapindulitsa kampani koposa. Ndalama yaulere imene kampani imakupatsa poyamba ija imakhala ndi lamulo loti uibetche kangapo usanaitape.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi adzukulu anga. Mwana ndiye khomo losavuta kulowera m'nyumba. Mu 2004 bungwe la akatswiri a maganizo a anthu ku America, la American Psychological Association, linanena kuti ana osakwana zaka 8 satha kumvetsa kuti uthenga wotsatsa unapangidwa n'cholinga chowakopa. Kwa iwo chimene wanena wa pa kanema n'choona ngati chimene wanena mphunzitsi. Si nkhani yaing'ono, moti dziko la Sweden linaletsa kutsatsa malonda pa TV kolunjika kwa ana osakwana zaka 12 kuyambira 1991, ndipo chigawo cha Quebec ku Canada chinaletsa kutsatsa kwa ana osakwana zaka 13 kuyambira 1980. Pa foni malire amenewa amasokonezeka, chifukwa kanema wa mwana akutsegula bokosi la chidole amaoneka ngati sewero pamene ndi malonda kuyambira poyamba mpaka pomaliza. M'sitolo namo zonyezimira amaziika molingana ndi maso a mwana, ndiponso pafupi ndi polipirira, pamene kholo latopa ndipo kumbuyo kuli mzere wa anthu.

Vuto limene makolo ambiri amagwamo ndi ili: amakana kanayi, kachisanu n'kugonja kuti mwana atonthole. Mwanayo waphunzira kuti kulira kumagwira ntchito bola apirire, ndipo ulendo wotsatira adzalira motalikirapo. Choncho muzimuuza musanalowe m'sitolo zimene mukukagula, mumupatse ntchito yonyamula ndandanda kapena kufufuza chinthu chimodzi pa shelefu, ndipo mukakana mukane nonse awiri. Wina akamakana wina n'kumagulira kuseri, mwana amadziwa khomo logogoda. Akafika zaka zoyamba sukulu, muzionera naye limodzi ndipo uthenga wotsatsa ukabwera muzimufunsa modekha: wapanga zimenezi ndani, akufuna kuti tichite chiyani, nanga chimene sanatiuze n'chiyani? Sizifuna kulalikira. Mafunso atatuwa akazolowereka, mwana amayamba kudzifunsa yekha, ndipo ndi chuma chimene adzapita nacho kumene inu simudzakhalako. Kwa aang'ono kwambiri, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonere kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Foni imene mwana amaseweretsa isakhale yolumikizidwa ku khadi la banki kapena ku ndalama za pafoni, ndipo kugula kulikonse kuzifuna nambala yachinsinsi imene iye saidziwa, chifukwa masewera ambiri aulere amapeza ndalama pogulitsa tinthu m'kati mwa masewerawo.

Pa za thanzi, paja akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Kutsogolo kwa paketi n'kwa wotsatsa, kumbuyo n'kwako. Zosakaniza amazilemba kuyambira chochuluka kwambiri, choncho shuga akakhala woyamba kapena wachiwiri, mawu oti muli mavitamini asakutenge mtima. Supuni yaing'ono ya shuga ndi magalamu pafupifupi 4. Chakumwa cholembedwa magalamu 10 pa mamililita 100, botolo la mamililita 500 lili ndi magalamu 50, masupuni opitirira 12. Amenewo ndiwo malire a tsiku lonse a munthu wamkulu malinga ndi malangizo a WHO a mu 2015, ndipo a mwana ndi ocheperapo. Mkaka wa m'chitini wa makanda uli ndi mbiri yowawa, moti mu 1981 mayiko anagwirizana malamulo oletsa kuutsatsa kwa anthu wamba ndi kupatsa amayi zitini zaulere. Chifukwa chake n'choti mwana akasiya kuyamwa pafupipafupi mkaka wa m'mawere umachepa, mayi amakakamizika kumagula, ndalama zikavuta amasungunula ndi madzi ambiri, ndipo madziwo akakhala osatetezeka mwana amatsegula m'mimba. Pali mabanja amene mkakawu amaufunadi, koma zimenezo azinene a zaumoyo, osati chithunzi cha khanda lonenepa. Mafuta oyeretsa khungu nawo amayamba akuuza munthu kuti khungu lake lili ndi vuto, kenako n'kumugulitsa mankhwala. Ambiri apezeka ndi poizoni wotchedwa mercury, amene amawononga impso ndi mitsempha, kapena mankhwala amphamvu amene amapyapyalitsa khungu. Ndikupempha kuti adzukulu anga asadzamve m'nyumba mwanu munthu akuyamikiridwa chifukwa cha kuyera.

Anthu otchuka a pa masamba a mchezo uwaone ngati ogulitsa amene avala nkhope ya mnzako. Ambiri amalipidwa kapena kupatsidwa katundu waulere, ndipo si onse amene amaulula. Yang'ana timawu monga Sponsored, Ad kapena Paid partnership, komanso nambala yochotsera mtengo yokhala ndi dzina lake, imene kawirikawiri imatanthauza kuti amalandirapo gawo ukagula. Nyumba yowala imene ukuiona ndi ngodya imodzi yosankhidwa, yojambulidwa kangapo. Kuopsa kwake n'koti munthu amazimitsa foni n'kuyang'ana mipando yake, ngakhale mwamuna kapena mkazi wake, ndi diso lochepetsa, pamene dzulo lomweli zonse zinali bwino.

Musankhe madzulo amodzi, iwe ndi mpongozi wanga, mukonze mafoni onse a m'nyumba. Zimitsani mauthenga odzidzimutsa a mapulogalamu ogulitsa zinthu, a ngongole ndi a kubetcha, musiye a anthu okhaokha. Pa YouTube zimitsani Autoplay kuti kanema wina asamayambe yekha. Pa Facebook dinani timadontho titatu pa uthenga wotsatsa, muwerenge chifukwa chimene ukukuonekerani, ndipo mubise umene simuufuna. Google ili ndi tsamba la My Ad Center pomwe mungazimitse malonda otengera zochita zanu ndi kuchepetsa a juga ndi mowa. Mapulogalamu amene safunikira kudziwa kumene muli muwalande chilolezocho. Dziwani kuti izi sizithetsa malonda, zimangochepetsa kukulondolani. Kenako tsegulani mbiri ya ndalama za miyezi itatu yapitayi, mufufuze tindalama timene timadulidwa tokha sabata kapena mwezi uliwonse. Nthawi zambiri ndi zinthu zimene munalembetsa pa masiku aulere oyeserera n'kuiwala. Mukadzalembetsanso zotere, lembani tsiku lothetsa pa kalendala nthawi yomweyo, likhale tsiku limene kwatsala masiku awiri kuti aulerewo athe. Ndipo pa nthawi ya chakudya mafoni ndi TV zizipuma, kuyambira ndi yako, chifukwa ana amatsatira manja a kholo kuposa pakamwa pake.

Ukawerenga umupatsenso mpongozi wanga, ndipo mundiuze zimene mwapeza pa tindalama todulidwa tokha tija. Upereke moni kwa onse, makamaka adzukulu anga.

Ndine kholo lako lokukonda.