Kuthokoza a National Library Service chifukwa cha mabuku a zojambula

Kwa Akuluakulu,
National Library Service,
City Centre, Lilongwe.

Olemekezeka,

Ndalemba kalatayi kuti ndithokoze inu ndi antchito anu chifukwa cha thandizo limene mwandipatsa. Ine ndimalemba zikwangwani za mashopu ku Kawale, ndipo nkhope zimene ndinazolowera kujambula ndi zosalala zija za pakhoma la malo ometera. Ndinkalakalaka kuphunzira kujambula munthu ndi penti wa mafuta, koma ndalama za sukulu ndilibe. Nditabwera ku laibulale yanu, mayi amene anali pa desiki atamva vuto langa, anadzuka n'kundiperekeza pa shelefu ya mabuku a zaluso, ndipo sanachoke mpaka titapeza oyenera.

M'mabukumo ndinapezamo nkhani ya gulu la Die Brücke, limene anyamata anayi ophunzira zomangamanga, kuphatikizapo Ernst Ludwig Kirchner, analiyambitsa ku Dresden m'dziko la Germany mu 1905. Nkhope zimene ankajambula n'zobiriwira, zachikasu, mphuno zokhota, maso olowa. Sikuti ankalephera kufanizira munthu ayi. Ankafuna kuti nkhawa kapena kutopa kumene kuli mumtima kuonekere pankhope. Egon Schiele wa ku Austria, amene anamwalira mu 1918 ali ndi zaka 28 zokha, ankatalikitsa zala dala, mafupa ali pamtunda, moti ukaziyang'ana thupi limachita tsemwe.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti anyamata a ku Dresden aja ankapita kukaonerera zosema za kuno ku Africa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya mumzinda wawo. Ndiye ndinati, kodi ife amene tinakula tikuona nkhope yofiira ya Simoni pabwalo la Gule Wamkulu, luso limeneli ndi lachilendo kwa ife? Osema zigoba kwathu kuno akhala akukokomeza mphuno ndi milomo kuyambira kale pofuna kuonetsa khalidwe la munthu.

Mabukuwo anandiphunzitsanso kagwiridwe ka pentiyo. Nsalu imayamba yapakidwa zoyera kuti isamwe mafuta. Penti woyamba amakhala wopyapyala, wosungunula ndi tapentaini, ndipo wotsatira amachulukirako mafuta a linseed. Ukayamba ndi wamafuta ambiri, wapamwamba amauma msanga wapansi akadali wofewa, chithunzi n'kung'aluka. Penti wa mafuta amauma mochedwa, masiku ndithu, zimene zimapereka mpata wokonza tsaya mawa lake.

Woyamba kuwajambula anali mayi anga, amene amagulitsa tomato mumsika. Pansi pa maso ndinaikapo wobiriwira, pamphumi wofiirira wokhuthala wopaka ndi kampeni, mizere yake ndinaisiya osasalaza. Atachiona anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mwanawe wandikalambitsa, koma kutopako ndi kwanga." Chithunzicho anachipachika okha pabalaza.

Ndili ndi pempho limodzi. Mukamagula mabuku ena, muganizireko a aluso athu a kuno ku Malawi, monga a ku Kungoni ku Mua, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Anyamata ambiri olemba zikwangwani ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 25 ali ndi dzanja labwino, ndipo ena ndayamba kale kubwera nawo kudzawerenga. Mundithokozerenso mayi a pa desiki aja.

Ine wanu,
Wolemba zikwangwani wa ku Kawale