Ndalama za makhonsolo zizifika mvula ikangotha

Akonzi,

Masomphenya a Malawi 2063 adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, koma buloko ya sukulu, mjigo ndi kamlatho ka pakhwawa sizimangidwa ku Capital Hill. Imeneyi ndi ntchito ya makhonsolo athu 35, malinga ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998.

Papepala zinthu zili bwino. Komiti ya chitukuko ya m'midzi (VDC) imalemba zosowa za anthu, komiti ya chitukuko ya kwa mfumu yaikulu (ADC) imasankha zoyambirira, khonsolo n'kuziika mu pulani ya chitukuko. Povuta ndi pa ndalama. Ndondomeko ija idati 5 peresenti ya ndalama zomwe boma limatolera izipita kumakhonsolo, koma zimafika zoperewera, mochedwa, ndiponso mwapang'onopang'ono.

Chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, mvula ikutha, nthawi yabwino yokumba maziko. Ndalama zikafika mu Okutobala, kulengeza ntchito ndi kusankha kontrakitala kumadya miyezi iwiri kapena itatu, ndiye maziko amakumbidwa mu Januwale. Lole ya mchenga imatitimira, ngalande za maziko zimadzaza madzi, simenti imagwira chinyontho n'kuuma m'matumba. Mitengo nayo sidikira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, yemwe adasainira pa mtengo wakale sakadakwanitsanso kugula malata. Umu ndi momwe buloko imathera pa lintala, ana n'kumaphunzirabe pansi pa mtengo moyang'anizana nayo.

Chinanso ndi kalondolondo. Konkire ya lintala imafuna gawo limodzi la simenti, awiri a mchenga ndi anayi a miyala ya kwale. Injiniya wa khonsolo akasowa mafuta opitira kumaloko tsiku lothira, ndani aone ngati thumba limodzi silidagwire ntchito ya awiri? Chikalata cholipirira chimasainidwa mu ofesi, ming'alu n'kudzaoneka ndalama zitatuluka kale. Makhansala ndiwo ayenera kufunsa zotere, ngakhale tisaiwale kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala, moti chizolowezi chofunsa chikadali chanthete.

Pempho langa ku Unduna wa Zachuma ndi NLGFC, komiti yoona za ndalama za makhonsolo, ndi lakuti gawo lalikulu la ndalama za zomangamanga lizituluka pofika Meyi, ndipo za mafuta a kalondolondo zizikhala pazokha. Pamalo pa ntchito pazikhala chikwangwani cha m'Chichewa kapena chiyankhulo cha deralo, chotchula mtengo, dzina la kontrakitala ndi tsiku lomaliza, kuti a VDC azitha kuwerenga okha.

Wowerenga wanu,
Ntcheu