Mawu a Chizungu nawo ali ndi abale

Mphwanga wokondedwa,

Uli bwanji iwe? Amayi ako andiuza pa foni kuti mawu a Chizungu amene aphunzitsi akumakupatsani kuti muloweze akukusowetsa mtendere, ati umaloweza madzulo koma kukacha onse athawa m'mutu. Vuto lake ukuwagwira limodzilimodzi, pomwe mawuwa amayenda pa chibale.

Taona m'Chichewa chathuchi: phunzira, phunzitsa, mphunzitsi, phunziro, maphunziro. Ndani anakulowezetsa zimenezi? Palibe, khutu lako limangodziwa kuti onsewa ndi a nyumba imodzi. Chizungu nachonso chimodzimodzi, kungoti icho chimakonda kuphatika tizidutswa kumchira kwa mawu. Teach ndi kuphunzitsa, ukaphatika er wapeza teacher, munthu wochita ntchitoyo. Ndiye singer ndi farmer sukufunikanso kufunsa munthu, ingochotsa er uone chatsala.

Amene amandisangalatsa ine ndi care, kusamala. Ukaika ful akhala careful, munthu wosamala, ukaika less akhala careless, uja amasiya kope pamvula n'kumadabwa kuti inki yafufutika bwanji, ukaonjezeranso ly pa careful wapeza carefully, kuchita chinthu mosamala. Waloweza amodzi koma watola anayi! Ful ameneyu anachokera ku full koma polemba l ndi mmodzi yekha, ana ambiri amaluza malikisi pamenepa. Kutsogolo nako kuli un wotembenuza zinthu, happy unhappy, lock unlock. Ukamalemba happiness, y wa happy uja amasanduka i.

Koma usatengeke kwambiri, muli misampha. Er wa mu bigger sakunena munthu ayi, akungoti chachikulu kuposa chinzake, ndipo uncle sakutsutsa chilichonse, ndine ndemwe malume ako basi. Komanso teach ikakhala ya dzulo ndi taught osati teached, enawa ndi amakani, ongoyenera kuwaloweza.

Mawu ambiri a Chizungu anabwerekedwa ku Chilatini ndi Chigiriki. Port wa mu transport, porter, export ndi import ndi wa Chilatini, amanena za kunyamula, ndipo tele wa mu telephone ndi television ndi wa Chigiriki, kutanthauza kutali. Izi uzazimvetsa bwino ukakula pang'ono.

Ukatsegula dikishonale usamangowerenga tanthauzo n'kutseka, tsitsa chala pansi pake, abale ake amakhala pompo, ndipo tizilembo tija n., v. ndi adj. tikukuuza ngati ndi dzina, mneni kapena mfotokozi. Upeze kakope kapadera, tsamba limodzi banja limodzi, ndipo mawu aliwonse uwapangire chiganizo chako cha zinthu zomwe umaziona, osakopera cha m'buku.

Homuweki yanga nayi: undipezere abale a help, alipo oposa anayi, uwauze amayi ajambule tsambalo anditumizire pa WhatsApp lisanafike Loweruka. Uwapatse moni onse kunyumbako.

Ndine malume ako.