Kawotchi ka m'chifuwa cha amalume ako

Likhubula, Mulanje

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Ndikulemba kalatayi nditakhala pakhonde, nditafunda chitenje pamwamba pa juzi, chifukwa chiperoni chatigwira kuyambira Lolemba ndipo phiri lonse labisala m'nkhungu moti ngakhale Chambe sakuoneka. Amayi ako andikumbutsa kuti Loweruka likubwerali ukwanitsa zaka 7, ngati kuti ine ndingaiwale tsiku limene ndinakulandira m'manja mwanga uli kakhanda kosatha n'kutsegula maso komwe. Kodi dzino lija linkagwedera linachoka? Nanga juzi imene ndinakulukira chaka chatha ikukukwanabe, kapena manja atalika kale?

Ndikudziwa kuti funso lako lalikulu ndi la amalume ako, popeza amayi ako akuti sugona usanafunse za iwo. Ali bwino, akudya bwino, ndipo dzulo anamaliza mitanda iwiri ya nsima ya nandolo wamuwisi. Koma ndiyambe ndi zimene anachita galu wathu Kamphepo, chifukwa ndakhala ndikuzisunga mumtima kuti ndidzakuuze iweyo.

Tsiku limene amalume ako anafika kuchokera ku India, kumene anakachitidwa opaleshoni ya mtima, galuyo tinam'mangirira pa mtengo wa mapeyala uja wa kuseri kwa khitchini, poopa kuti angawadumphire pachifuwa monga mwa chizolowezi chake. Analira masana onse, nakumba dzenje pansi pa mtengowo chifukwa cha mkwiyo. Madzulo, alendo onse atabalalika ndipo pakhomo patakhala zii, tinam'masula. Sanathamange monga tinkaganizira, koma anabwera chokwawa, mchira ukusesa pansi, n'kutsamiritsa chibwano chake pa maondo a amalume ako. Kenaka makutu ake anaima. Anapendeketsa mutu kumanja, anaupendeketsanso kumanzere, ananunkhiza thumba la malaya, anazungulira kuseri kwa mpando, anasuzumira pansi pa mphasa, ndipo atalephera kupeza chimene ankafuna anauwa kamodzi kokha, ngati munthu amene akufunsa kuti, "Mwabisa chiyani?" Iye ankamva kanthu kakulira kuti tiki, tiki, tiki, ndipo ndikhulupirira ankayesa kuti ndi nkhululu imene yalowa m'malaya a mbuye wake. Amalume ako anafuna kuseka, koma masiku amenewo kuseka kunkawapweteka, choncho anakumbatira pilo pachifuwa, misozi ili chuchuchu, akundipempha kuti ndim'chotse galuyo asanawaphe ndi phwete. Kamphepo anafufuza nkhululu imeneyo masiku atatu, ndipo tsiku lachinayi anaileka. Tsopano amagona atagunditsa khutu pa nthiti zawo, ndipo sagona kwina kulikonse.

Kodi ukudziwa chimene chimalira? Funga chibakera chako, uchiyang'ane bwino: mtima wako ndi waukulu pafupifupi chomwecho. M'kati mwake muli zipinda zinayi ndi tizitseko tinayi, timene madokotala amatitchula kuti mavalavu, ndipo ntchito ya tizitsekoto ndi kutseguka kuti magazi adutse, kenaka n'kutsekeka kuti asabwerere kumene achokera. Kachitseko kamodzi ka amalume ako kanawonongeka, sikankatsekeka bwino, ndipo n'chifukwa chake chaka chatha munthu amene ankakwera phiri chothamanga anayamba kupuma mwawefuwefu pa kachitunda ka kutchalitchi kaja, mapazi akutupa. Madokotala anawagoneka tulo tamankhwala, anatsegula fupa la pakati pa chifuwa, anachotsa kachitseko kowonongekako n'kuikapo kena kopangidwa ndi anthu, ndipo nthawi yonseyo makina ndi amene ankagwira ntchito ya mtima ndi mapapo awo. Atamaliza anamanga fupalo ndi tiwaya timene tidzakhala momwemo moyo wawo wonse. Kachitseko katsopanoko ndi kolimba, ndipo kakamatsekeka ndi pamene kamalira ngati wotchi. Mtima wa munthu wamkulu umagunda pafupifupi maulendo 100,000 pa tsiku, ndiye ganizira kuti Kamphepo ali ndi zomvetsera zochuluka bwanji. Kodi kusukulu mwafika pa nambala yanji powerenga?

Usachite mantha ukadzaona chipsera chachitali pachifuwa pawo. Chinapola, sichitulukanso magazi, ndipo iwo amati ndi msewu wa Midima umene madokotala anawajambulira kuti asasochere popita ku Blantyre kukayezetsa magazi. Amapitako kawirikawiri, chifukwa tsiku lililonse amamwa mankhwala otchedwa warfarin, oletsa magazi kuundana pa kachitseko kaja, ndipo madokotala amayenera kuona ngati mlingo wake uli woyenera. Mankhwala amenewa ndi ovuta pang'ono: ngakhale ndiwo zamasamba monga mpiru ndi nkhwani ndimawapatsa mofanana masiku onse, osachulukitsa lero n'kuchepetsa mawa. Mayi wina anabwera ndi botolo la mizu yowiritsa, akuti yolimbitsa mtima. Ndinam'thokoza ndi manja awiri, popeza anabweretsa ndi mtima wabwino, koma atangokhota pa ngodya ndinathira madziwo pa nthochi.

Mwezi uno wa Julaye ndi umene kumachitika mpikisano wa m'phiri uja unauonera uli pa mapewa a amalume ako usanayambe sukulu. Kodi ukukumbukira? Othamanga amanyamukira pano pa Likhubula, amakwera mpaka ku Chambe, amadutsa ku Lichenya, n'kutsikiranso pomwe anayambira, mtunda wa makilomita opitirira 20 wa miyala yokhayokha ndi zitunda. Chaka chino iwo sathamanga nawo. Ulendo wawo woyamba atabwera unali wochoka pakhonde kukafika pa nkhokwe, ndipo atafika anakhala pansi kuti apume. Sabata yotsatira anafika pa mjigo, kenaka pa tchalitchi, ndipo Lachisanu lapitali anayenda mphindi 40 osaima.

Sayenda okha. Anzawo aja amanyamula nawo katundu wa alendo m'phiri anagawana masiku, moti m'mawa uliwonse awiri amafika pakhomo dzuwa lisanatuluke, n'kuodira chapansipansi kuti asandidzutse, ngakhale ine ndimakhala nditadzuka kale. Ukanawaona ukanaseka: anyamata amiyendo ngati ya gwape, amene amafika ku Chambe ine ndisanamalize kuphika phala, akuyenda mwa kamba, wina kumanja wina kumanzere, akudziletsa kuti asatsogole. Mmodzi amakhala ndi wotchi, ndipo akafika pa mlatho amawagwira pamkono ndi zala ziwiri kuti awerenge kugunda kwa mtima. Iwenso ungathe kuyesa: ika zala ziwiri pamkono pako, m'munsi mwa chala chachikulu, ndipo udzamva kuti wako umagunda mofulumira kuposa wa amayi ako, chifukwa mitima ya ana ndi yachangu. Kamphepo yekha ndiye sanamvetsebe malamulo atsopanowa. Amathamanga mpaka kukafika m'munda wa tiyi, amatembenuka n'kuona kuti palibe akum'tsatira, ndiye amabwerera ali wefuwefu kudzawayang'ana kumaso modabwa, n'kuyambiranso.

Amalume ako akuti akufuna kuti mvula isanagwe adzafike pa Dziwe la Nkhalamba ndi miyendo yawo, ndipo usiku wina ndinawamva akuuza azakhali ako kuti chaka cha mawa adzavalanso nambala pachifuwa. Madokotala sanavomereze zimenezo, ndipo ine sindikuwafulumizitsa, chifukwa munthu amene akumwa mankhwala aja akagwa pa mwala magazi amachedwa kuleka. Zimenezi usakawauze kuti ndanena ndine.

Pa ulendo wa ku India uja, tikanakhala tokha sitikanafika ngakhale pa Chileka. Amayi a Mvano ankagulitsa zitumbuwa ndi mandasi, a banki m'khonde anasonkha, anyamata a m'phiri ankapatula kangachepe pa ulendo uliwonse, ndipo alendo ena amene amalume ako anawaperekeza ku Sapitwa zaka zapitazo anatumiza thandizo pa foni kuchokera kumayiko amene ine sindinawaonepo. Pamene azakhali ako anali kumeneko monga gadiyani, amfumu anamemeza mudzi, ndipo chimanga chathu chonse chinakololedwa tsiku limodzi. Mpaka lero pakhomo pano sipasowa nkhuni kapena madzi, popeza amalume ako sanaloledwebe kunyamula chidebe kapena kugwira nkhwangwa. Mayina a anthu onsewo ndinawalemba m'kope langa lakale la kusukulu, ndipo ukadzabwera udzandiwerengera mokweza, kuti ndione ngati aphunzitsi ako akugwiradi ntchito.

Tsopano mvetsera bwino, mwamuna wanga wamng'ono, ndipo amayi ako awerenge chigawo chino kawiri. Kachitseko ka amalume ako sikanawonongeke chifukwa cha kuthamanga ayi. Madokotala anatifotokozera kuti matendawa amayamba ndi zilonda zapakhosi zobwera ndi tizilombo tina, makamaka mwa ana a zaka za pakati pa 5 ndi 15, ndipo zilondazo zikapanda kuchizidwa ndi mankhwala monga penisilini, thupi polimbana ndi tizilomboto limalakwitsa n'kuyamba kuwononga tizitseko ta mtima wake womwe, mwakachetechete, kwa zaka zambiri. Atanena zimenezi ndinakumbukira chaka china amalume ako ali ndi msinkhu ngati wakowu, pamene anadwala pakhosi, kenaka n'kumadandaula maondo ndi akakolo. Ine ndinawapatsa madzi a mchere ndi panado, ndipo ataleka kudandaula ndinayesa kuti zatha. Ndinali mphunzitsi, koma zimenezi sindinkazidziwa. Choncho pakhosi pakadzakupweteka, makamaka thupi litatentha, usadzabise poopa jakisoni kapena poopa kujomba kusukulu, koma udzauze amayi ako tsiku lomwelo kuti akutengere kuchipatala. Kodi pakadali pano sipakupweteka? Ukumeza bwinobwino? Undiyankhe funso limeneli poyamba, usanayambe kundiuza za mpira.

Sukulu mukatsekera, uwauze abambo ako akukweze basi pamodzi ndi amayi ako. Pa mapewa a amalume ako sudzakwerapo ulendo uno, ndipo ukadzawaona usadzawathamangire ngati Kamphepo, koma akuti adzakulola kuika khutu pachifuwa pawo usiku, wailesi itazimitsidwa, kuti udzimvere wekha. Akutinso pa ulendo wa m'mawa pali malo a munthu mmodzi wodziwa kuwerenga mpaka 60, wothandiza mnyamata wa wotchi uja, ndiye uyambiretu kukonzekera. Ndatumiza zinanazi ziwiri ndi mtedza wokazinga kudzera mwa mayi wa kutchalitchi kwathu amene akubwera ku Lilongwe Lachinayi. Chinanazi chachikulucho ndi chako, koma mlongo wako umudulireko.

Ndine agogo ako okukonda,
kuno ku Likhubula