Kweza Maso, Mwana Wanga

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko. Kuno tadzuka, bambo ako akupereka moni. Ndalemba chifukwa mawu amene unanena pa foni Lamlungu andisowetsa tulo. Akuti ukufuna kugula mafuta oyeretsa khungu poti anzako a ku lesitilanti ya ku Rosebank amalandira matipi ambiri kuposa iwe, komanso anyamata a kutchalitchi amakudutsa ngati palibe munthu.

Za mafutazo ndinene mwachidule: usayerekeze. Boma la South Africa lomwelo linaletsa mankhwala oyeretsa khungu otchedwa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990, madokotala ataona amayi akubwera ndi mawanga akuda osachoka m'masaya. Ena amene amagulitsidwa mobisa m'tauni muli mercury, ndipo mercury amawononga impso. Khungu lako ndi la agogo ako, lilibe mlandu.

Nditabwera kumeneko pa Khirisimasi ndinakhala pakona mu lesitilanti muja, tiyi ali patsogolo, ndikukuonerera. Kasitomala akakhala pansi, iwe umafika maso ali pa kabuku kolembamo maoda. Umayankha uli chowerama. Kumwetulira umamwetulira ndithu, koma kumwetulirako kumagwera pa tebulo, mwini wake osakulandira. Mnzako wa ku Soweto uja amayamba waima, kumuyang'ana munthu, ndiye n'kumwetulira. Ndinaona bambo wina amene analowa ali ndwii atasintha nkhope pomwepo. Mtsikanayo sakuposa maonekedwe, ndikunena ine amene ndinakuonani mutaima limodzi.

Kuwerama kumeneku n'kwa kwathu. Tinakulera kuti mwana satong'olera maso wamkulu, ndipo ukabwera kuno pamaso pa agogo ako kapena a mfumu uzichitabe zomwezo, ndi ulemu. Azulu ndi Axhosa nawonso ali nawo mwambo umenewu m'makomo mwawo, kungoti okulira m'tauni anazolowera kuusiya pakhomo akamapita ku ntchito. Kasitomala wa ku Rosebank akaona munthu akuzemba maso amati watopa naye, kapena pali chimene akubisa.

Zaka zonse zimene ndinagwira uzamba ndinkaona khanda la tsiku limodzi likusuzumira nkhope ya mayi ake poyamwa. Pambuyo pake ndinawerenga kuti mu 2002 Teresa Farroni ndi anzake anaonetsa makanda a masiku 2 mpaka 5 zithunzi ziwiri za nkhope imodzi, china maso akuyang'ana khandalo, china akuyang'ana kumbali. Makandawo ankakhalitsa pa chithunzi chowayang'ana. Tangoganiza, mwana woti sanadziwe n'komwe dzina lake! Njala yofuna kuyang'anidwa timabadwa nayo, ndipo siitha tikakula. Ku London mu 2001, Knut Kampe ndi anzake anajambula ubongo wa anthu akuona zithunzi za nkhope. Nkhope yokongola ikamawayang'ana, mbali ya ubongo imene imasangalalira mphotho inkatakasuka. Nkhope yomweyo ikayang'ana kwina, kutakasukako kunkatsika. Ofufuza a ku Aberdeen, ku Scotland, anawonjezera mu 2006 kuti kukongola kwa nkhope kumamugwira mtima kwambiri munthu ngati nkhopeyo ikumwetulira ndiponso ikuyang'ana iyeyo. Ndiye ukamabisa maso, munthu sanaione bwino nkhope imene iwe ukuiimba mlandu pa galasi.

Sindikunena kuti uzidzomera anthu ndi maso. Ku Science Museum ya ku London anayesa anthu pafupifupi 500, ndipo mu 2016 analengeza kuti ambiri amamasuka kuyang'anizana kwa masekondi ngati 3. Kapereke moni, kamuone munthuyo m'maso nthawi yokwanira kuti adziwe kuti wamuona, kenako bwerera ku kabuku kako. Akamalankhula, kwezanso. Ukayambe ndi amayi achikulire amene amabwera kudzamwa khofi m'mawa, sadzakuchititsa manyazi. Koma ukatsika taxi pa Bree kapena ukamadutsa pa Park Station madzulo, maso ako ndi ako. Yang'ana njira, chikwama chili kutsogolo, usagawire aliyense.

Tsopano chimene chandilembetsa kwenikweni. Mphamvu ya masoyi imagwiranso ntchito pa iwe. Mtsikana amene wakhala nthawi akudziona ngati saoneka, tsiku limene mwamuna adzamuyang'ane n'kumumwetulira, mwamunayo amasanduka wokongola kuposa amuna onse a mu Gauteng. Anthu a ku Aberdeen omwe aja anapeza mu 2007 kuti akazi ankamuona mwamuna kukhala wokongolerapo akaona pachithunzi mkazi wina akumumwetulira, kusiyana ndi pamene mkaziyo anangomuyang'ana nkhope ili gwa. Mwamuna yemweyo, mphuno yomweyo. Chasintha ndi nkhope ya munthu amene waima pambali pake.

N'chifukwa chake ndinachita mantha utanditchulira mnyamata wa kukwaya uja, amene atsikana onse amamuunjikira mapemphero akatha. Unati, "Amayi, aliyense amamufuna." Zimenezo zandiuza za atsikanawo, za iyeyo sunandiuze kanthu. Amagwira ntchito yanji? Mapepala ake ali bwino? Kwawo ku Mangochi anasiya ndani? Anyamata ambiri amafika ku Joni atasiya mkazi ndi ana kumudzi, ndipo pakamwa pawo sipatuluka zimenezo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akamakuyang'ana mtima n'kumagunda, dziwa kuti thupi likungochita zimene linalengedwera, silinamufufuze munthuyo. Uone mmene amayang'anira mlonda wa pageti ndi mayi wosesa m'tchalitchi, anthu amene sangamupatse kanthu. Uonenso ngati maso ake amakhala pa iwe ukamalankhula, kapena amathamangira aliyense wolowa pakhomo.

Malume ako ali ku Turffontein konko. Ngati mnyamatayo ali ndi mawu, akayambe waonekera kwa iwo, ndipo ine ndawauza kale kuti ayembekezere foni yako. Ndalama imene unasungira mafuta ija ugulire nsapato zabwino za ku ntchito, zija ndinaziona zatha zidendene. Ufa ndi usipa ndipatsira mayi a kwa aneba amene akukwera basi Lachisanu, akakuimbira akadutsa pa Beitbridge.

Ndine mayi ako okukonda.