Dandaulo pa maphunziro anu a Chisipanishi

A Manijala,

Ndalemba kalatayi chifukwa kuimba foni kwandikwana. Nthawi zonse mumati mundiimbira, koma mpaka lero kuli zii.

Tsiku lolembetsa ndinanena cholinga changa momveka bwino: mwana wanga akukwatiwa ndi mnyamata wa ku Valencia, ndiye ndimafuna kuitana asewere anga ku ukwati m'chilankhulo chawo. Pepala limene aphunzitsi anu anatipatsa linali ndi chitsanzo chimodzi chokha, "quiero invitarte". Ndinakopera momwemo n'kutumiza. Mkamwini wanga ndiye anandiuza, akuchita kuzyolika, kuti ka "te" kophatikiza kumapetoko ndi ka "iwe". Taganizani, ine mayi wamkulu kunena kuti "iwe" kwa bambo aimvi amene sitinaonanepo! Komanso kamaitana munthu mmodzi, ndiye kuti amayi akunyumba kwawo ndinawasiya panja. Ndimayenera kulemba "queremos invitarlos", kapena "invitarles" monga zimalembedwera pa makadi ambiri a ukwati ku Spain.

Pepala lomwelo lili ndi "no invítalo" ngati yankho lolondola. Si zoona. Polamula, kamawu ka "lo" kamaphatikizidwa kumapeto, "invítalo", koma poletsa kamabwera patsogolo, "no lo invites". Zimenezi wandiphunzitsa ndi mkamwini pa WhatsApp, ulere, pamene ndalama ndinalipira kwa inu.

Ndabwera ku ofesi kwanu katatu, minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwera. Ulendo woyamba ndinapeza kotseka, wachiwiri aphunzitsi kunalibe. Wachitatu ndi umene ukundiwawabe. Ndinayala pepala lija pa tebulo, mtsikana wolandira alendo osaliyang'ana n'komwe, maso ali pa foni, n'kunena kuti: "Amayi, pa msinkhu wanuwu Chisipanishi mukuchifuniranji? Azungu salabadira zaulemuzo." Ananena zimenezi pamaso pa ophunzira anzanga, ena a msinkhu wa ana anga. Ndinatuluka m'maso muli misozi.

Ndikupempha mundibwezere ndalama za maphunziro otsalawo, ndipo pepalalo mulikonze lisanachititse manyazi munthu wina. Pakatha masabata awiri osandiyankha, nkhaniyi ndikaitula ku bungwe loteteza ogula malonda la CFTC. Mphunzitsi wina ndamupeza kale, ndipo kalata yopepesa kwa asewere anga ndilemba ndi iyeyo.

Ine wodandaula,
Wophunzira wanu wa kalasi ya madzulo