Giyabokosi siinathe ntchito pa makina a magetsi a mphepo

Mkonzi,

Ena akunena kuti makina opangira magetsi ndi mphepo okhala ndi giyabokosi ndi achikale. Ndiloleni ndiwongolepo.

Mapiko a makina akuluakulu amazungulira ka 10 mpaka ka 15 pa mphindi, pomwe jenereta wamba amafuna pafupifupi ka 1,500. Giyabokosi ya magawo atatu ndiyo imachulukitsa liwirolo pafupifupi ka 100. Chimene chimayamba kufa nthawi zambiri si mano a magiya ayi, koma ma bearing (tizipangizo ta timagudumu tothandiza chitsulo kuzungulira bwino) a pa shafuti yothamanga kwambiri, yomwe imazunguza jenereta. Mphepo ikamakula n'kuchepa mwadzidzidzi, timagudumu ta mu bearing timatsetsereka m'malo mogubuduka, chitsulo n'kuyamba ming'alu chamkati. Madzi kapena tizitsulo tikalowa mu oyilo, kuwonongekako kumafulumira. Motero makina oyenera kukhala zaka 20 amafuna giyabokosi ina zakazo zisanakwane, ndipo kireni yofika mamita 100 m'mwamba siyotchipa.

Kampani ya Enercon ya ku Germany idachotseratu giyabokosi pa makina ake a E-40 mu 1993, mapiko n'kumazunguza jenereta mwachindunji. Kampani ya Siemens Gamesa ikutsata njira yomweyo pa makina a panyanja a mphamvu ya megawati (MW) 14. Koma jenereta woyenda pang'onopang'ono amayenera kukhala wotambalala ndi wolemera, ndipo akakhala wa maginito amadya pafupifupi makilogalamu 600 a maginito pa megawati iliyonse. Maginitowo amafuna neodymium, chitsulo chosowa chomwe chambiri chimayengedwa ku China.

Ine ndikuona kuti njira yapakati ndiyo yanzeru. Makina a kampani ya Vestas a V236-15.0 MW, omwe adaimikidwa koyamba ku Østerild m'dziko la Denmark mu 2022, giyabokosi ali nayo, koma imangofikitsa liwiro pa mazana angapo pa mphindi. Gawo lothamangitsitsa lija, lovutavutalo, palibe, ndipo maginito amachepa kwambiri. Masiku anonso m'magiyabokosi muli timasensa tomva kunjenjemera ndi towerenga tizitsulo mu oyilo, kotero bearing yodwala imadziwika isanaphwanye magiya.

Nkhaniyi sili kutali nafe. Miyala ya ku Kangankunde ku Balaka ndi ya ku Songwe ku Phalombe ili ndi neodymium. Atolankhani anu akamafunsa eni migodi imeneyi za msika, aziwafunsanso kuti akuwerengera makina ati: odya maginito ambiri kapena a liwiro lapakati.

Injiniya wa zamakina,
Lilongwe